Nzeru Zaulere Zafika Padoko, Nanga Munthu Atole Ziti?

Mwezi ukakhwima, madoko a ku Msaka ndi ku Malembo amakhala zii. Usipa umatsata nyali kukakhala mdima wandiweyani. Kumwamba kukayera mbee, siginala angayatse nyali zake zonse koma chilimira chimakokedwa chopepuka, choncho maboti ambiri amagona pamchenga. Amenewa ndiwo masiku opuma a asodzi. Ena amasoka maukonde, ena amakhalira bawo pansi pa mtengo, ena amakadzazana m'mashedi oonetsa mpira. Koma masiku ano munthu sayenda mtunda wautali m'mbali mwa nyanja asanapeze mnyamata kapena mtsikana amene analemba Fomu 4 koma malo ku yunivesite sanawapeze, atatsamira bwato lovundikirika, nkhope ikuwala ndi foni yong'aluka galasi.

Wagula bandulo ya usiku. Wapeza kamtunda komwe netiweki sithawathawa. Pafoni yakeyo patuluka mndandanda umene agogo ake sakanaulota: kulemba mapulogalamu a kompyuta, kusunga mabuku a ndalama, Chingerezi cha kuntchito, kadyedwe koyenera ka ana, kayendedwe ka nyenyezi, mbiri ya Aroma, malamulo a chilankhulo cha Chiarabu. Pakhomo palibe hedimasitala. Palibe wofunsa mapointi a MSCE, palibe wofunsa fizi, palibe wofunsa kumene munthu amapemphera. Batire yatsala theka, bandulo ithera mbandakucha, ndipo chala chikungozungulira pagalasi, kusowa potera.

Poyang'ana koyamba, funso limene laimitsa chalacho ndi la kumsika: ndi kosi iti imene ingabweretse ntchito? Koma pansi pake pagona funso lina lakale kwambiri, limene mashehe ndi abusa analimbana nalo zaka mazanamazana foni isanabwere. Munthu amaphunzirira chiyani, ndipo nzeru zimene wazipezazo n'za yani? Zinthu zikakhala zogula, thumba limamuyankhira munthu. Zikakhala zaulere, amatsala yekha ndi mtima wake.

Maphunziro a mtundu umenewu si akale. M'chaka cha 2011 aphunzitsi awiri a ku yunivesite ya Stanford, Sebastian Thrun ndi Peter Norvig, anatsegulira aliyense kosi yawo ya mmene makina angaphunzitsidwire kuganiza, ndipo analembetsa anthu okwana 160,000. Chaka chotsatira kunabadwa Coursera, yoyambitsidwa ndi Andrew Ng ndi Daphne Koller, komanso edX, ya mayunivesite a MIT ndi Harvard. Lonjezo linali lokoma m'makutu: mwana wa msodzi adzamva phunziro lomwelo limene akumva mwana wa bwana ku Boston, mawu omwewo, mphunzitsi yemweyo. Umboni wake sunachedwe kupezeka. Mu 2012 mnyamata wa zaka 15 wa ku Mongolia, Battushig Myanganbayar, anakhoza zonse pa kosi ya MIT ya zamagetsi imene munalembetsa anthu oposa 150,000, ndipo pambuyo pake anatengedwa kukaphunzira ku MIT komweko.

Kenaka ofufuza anayamba kuwerenga mitu, ndipo nthungululu zinachepa. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Pennsylvania mu 2013 anapeza kuti mwa ophunzira 10 aliwonse amene anayankha mafunso ake, pafupifupi 8 anali kale ndi digiri. Mu 2019 Justin Reich ndi José Ruipérez-Valiente anaunika makosi a MIT ndi Harvard a zaka zisanu ndi chimodzi, napeza kuti m'chaka chomaliza amene anafika kumapeto anali pafupifupi 3 okha mwa 100, kuti ambiri sabwereranso chaka chawo choyamba chikatha, ndiponso kuti ophunzira ochuluka ndi a m'mayiko olemera. Khomo linatsegukadi, koma amene anathamangira kulowa ndi aja anali kale pakhonde.

Zimene anthu amasankha nazo zili ndi chophunzitsa. Gawo lalikulu la makosi ndi la makompyuta ndi bizinesi, ndipo kumeneko n'kumene khamu limakhamukira. Komabe mu 2020, mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba, kosi imene inakopa anthu mamiliyoni inali ya Laurie Santos wa ku Yale, yonena za chimene chimapatsa munthu chimwemwe. Inanso imene yakhala yotchuka kwa zaka zambiri ndi ya Barbara Oakley ndi Terrence Sejnowski, yophunzitsa kaphunziridwe kenikeniko. Zikuonetsa kuti anthu amabwera pamndandandawu ndi njala ziwiri, ya m'mimba ndi ya mumtima, ndipo imene yaluma kwambiri tsiku limenelo ndiyo imasankha.

Boma la Mangochi silikukumana ndi funsoli koyamba. Mwina m'Malawi muno mulibe dera lina limene linalipira mtengo waukulu chotere pa nkhani yosankha chophunzira.

Mu Okutobala 1875 amishoni a Livingstonia anakocheza ku Cape Maclear, natsegula sukulu. Malungo anawazunza, manda awo akadali komweko, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe atabatiza munthu mmodzi, Albert Namalambe. Ansembe a White Fathers anakhala kwa Mponda kuyambira 1889 mpaka 1891, nawonso akuphunzitsa ana, asanachoke. Angerezi a mpingo wa Anglican anadzakhazikika ku Malindi ndi kwa Mponda komweko. Onsewa anabwera ndi sileti ndi choko, koma anapeza anthu amene anali kale ndi sukulu yawo. Mfumu Makanjira inali italowa Chisilamu cha m'ma 1870. Mafumu a Ayao ankasunga alembi olemba makalata m'Chiswahili cha zilembo za Chiarabu. Mashehe onga Abdallah bin Haji Mkwanda, amene anakaphunzira ku Kilwa, ndi wophunzira wake Thabit bin Muhammad Ngaunje, ankayenda m'midzi ya kunyanja kuno akuphunzitsa Kurani.

Kholo la Chisilamu la nthawi imeneyo linali ndi zosankha ziwiri, ndipo zonse zinali zowawa. Sukulu ya mishoni inkapereka Chingerezi ndi masamu, zimene zinkatsegula njira ya ukalaliki kuboma, koma mwana ankabwerako ndi dzina lina ndi pemphero lina. Madarasa ankasunga mwana m'chipembedzo cha makolo ake, koma satifiketi yake inalibe ntchito ku ofesi ya bwanamkubwa. Ambiri anasankha madarasa. Amene amanena kuti makolo aja ankadana ndi maphunziro sanamvetse nkhaniyi. Iwo anaona kuti choko chaulerecho chinali ndi mtengo wake, nayesa mtengowo ndi chikhulupiriro chawo, nakana. Zotsatira zake zinatenga mibadwo: ntchito za m'boma zinapita kwa ena, ndipo ana a kuno ambiri anatsata utelala, malonda, usodzi ndi njira ya ku Joni imene mpaka lero sinamere udzu.

Ngakhale sukulu zitatsegukira onse, chilonda chija chinapitiriza kunyerenyetsa. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu za dziko lino chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo anthu anaona ndi maso kuti kutsegula chitseko n'kosavuta kuposa kupeza mphunzitsi, desiki ndi buku. Mu 2000, boma litafuna kuika phunziro la zipembedzo zosiyanasiyana ndi makhalidwe m'malo mwa phunziro la Baibulo kusekondale, mkangano unabuka pakati pa mipingo ndi Asilamu mpaka nkhaniyo inaimitsidwa kaye. M'boma limene lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse ali Asilamu, mawu akuti phunziro sakhala nkhani ya m'kalasi yokha.

Tsono mdzukulu wa makolo aja wakhala pamchenga ndi sukulu yosafunsa dzina lake. Atsamire chiyani posankha?

Yankho limodzi lomveka bwino linachokera kwa munthu amene mashehe a kuno amamudziwa, popeza anali wa mazihabu a Shafi'i, omwewa amene Asilamu ambiri a m'Malawi amatsata. Abu Hamid al-Ghazali anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya Nizamiyya ku Baghdad, wolemekezeka kwa mafumu. Mu 1095 anasiya zonse n'kuchoka, chifukwa atadzifufuza anapeza kuti chimene chinkamudzutsa m'mawa kukaphunzitsa sichinali Mulungu koma kutchuka. Buku lake lalikulu, Ihya Ulum al-Din, limayamba ndi nkhani ya nzeru, ndipo m'menemo anagawa maphunziro ofunika pawiri. Pali faradhi ayini, zimene munthu aliyense ayenera kudziwa yekha, monga kapempheredwe ndi malamulo a ntchito imene akugwira. Ndiye pali faradhi kifaya, zimene mudzi wonse uli nazo ngongole: wina akazidziwa, onse apepukidwa, pakasowa ndi mmodzi yemwe wozidziwa, mlandu ugwera onse.

Ku Mangochi mawu amenewa safuna womasulira, chifukwa aliyense anawaonapo pamaliro. Munthu akamwalira ku Namwera kapena kwa Chimwala, sikuti mudzi wonse umasambitsa thupi. Alipo ochepa odziwa kusambitsa, kudula sanda ndi kuikulunga bwino, kutsogolera swala ya maliro, kukumba manda ndi kachipinda kake kam'mbali koyang'ana ku kibula. Iwowo akagwira ntchito yawo, mudzi wonse wakwaniritsa udindo. Koma tsiku limene mudzi ungadzuke wopanda ndi mmodzi yemwe wodziwa zimenezi, palibe angadziwiringule kuti sizimamukhudza. Chodabwitsa n'chakuti al-Ghazali anaika udokotala ndi masamu m'gulu lomweli, pamodzi ndi ulimi, kuwomba nsalu ndi kusoka. Anadandaulanso kuti m'masiku ake ophunzira ankadzazana pa mikangano ya malamulo a chipembedzo, popeza kumeneko n'kumene kunali maudindo ndi chuma, pamene mizinda yambiri inalibe sing'anga wa Chisilamu ndi mmodzi yemwe.

Patapita zaka al-Ghazali atamwalira mu 1111, mmonke wina ku France, Bernard wa ku Clairvaux, anafika pa funso lomwelo podzera njira ya Chikhristu. Polalikira za Nyimbo ya Solomo, anasiyanitsa anthu ofuna nzeru poyang'ana chimene akuzifunira. Ena amangofuna kudziwa basi, ena amafuna kuti adziwike, ena amafuna kukagulitsa zimene adziwazo. Awa onse anawadzudzula. Amene anawayamikira ndi ofuna kudziwa kuti amange anzawo, ndi ofuna kudziwa kuti iwo eni amangike. Mkhristu wa ku Malindi kapena ku Nankumba akamva zimenezi amakumbukira Solomo ku Gibeoni, amene atauzidwa m'maloto kuti apemphe chilichonse, sanatchule chuma kapena moyo wautali, koma mtima wotha kuweruza anthu amene anapatsidwa kuti awasamale. Solomo nayenso anaikiridwa mndandanda wopanda mtengo, ndipo anasankha akuyang'ana anthu ake.

Shehe ndi mmonke, amene sanaonanepo, anagwirizana pa mfundo ziwiri. Yoyamba ndi niya, cholinga cha mumtima, chimene chingasandutse phunziro lomwelo kukhala pemphero kapena malonda. Yachiwiri ndi yakuti nzeru sizithera mwa mwini wake. Kwa iwo funso lakuti ndiphunzire chiyani silingayankhidwe munthu asanatukule maso n'kuona chimene chikusowa pamudzi.

Ndipo chikusowa kumwera kwa nyanja kuno sichibisika. Chambo chimene chinatchukitsa Mangochi chinatha mphamvu m'nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mpaka mu 1993 boma linayamba kugawana ndi makomiti a m'madoko udindo woyang'anira usodzi. Makomiti amenewa amafuna anthu odziwa chifukwa chake nyanja imatsekedwa chambo chikamaswana, odziwa kulemba nsomba zogwidwa ndi kuwerenga zimene manambalawo akunena. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali m'gulu la maboma amene analira kwambiri. Likodzo likadali m'magombe momwe ana amasambira. Mu 2024 nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo. Sola ikafa pamudzi, foni zonse zimafa nayo. Mjigo ukathyoka, amayi amabwerera kukatunga kunyanja. Banki mkhonde ikasowa wolemba mabuku wokhulupirika, chibale chimatha. Pa zambiri mwa izi maphunziro aulere alipo: bungwe la WHO lakhala likuika pa intaneti maphunziro a kolera, ndipo la FAO lili ndi ake a usodzi ndi ulimi. Kungoti sakhala pamwamba pa mndandanda, ndipo sawoneka okongola pa kalata yofunsira ntchito.

Apa wina angadzutse dzanja, ndipo ali ndi mfundo. N'kosavuta kuuza mwana wa eni kuti aphunzirire mudzi pamene m'nyumba mwawo mulibe ufa. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa mafuta a injini, shuga ndi bandulo yomwe unakwera. Mtsikana amene akuphunzira kulemba pa kompyuta kuti apeze ntchito pa hotela ina ya kunyanja, kapena mnyamata amene akunola Chingerezi chake asanakwere basi ya ku Johannesburg, sakuchita chamanyazi. Bernard ankalankhula kwa amonke amene anasiya chuma mwa kufuna kwawo. Mwana wa ku Malembo umphawi sanausankhe. Zipembedzo zonse ziwiri zimaika kudyetsa makolo ndi ana pakati pa maudindo aakulu a munthu. Amene akuphunzira kuti amayi ake asagone ndi njala wayamba kale kuphunzirira ena, ndipo niya yake ndi yoyera kuposa ya munthu wotola kosi ya chipembedzo kuti azipambana mikangano pa WhatsApp. Mzere sudutsa pakati pa phunziro la ndalama ndi phunziro la Mulungu. Umadutsa m'kati mwa phunziro lililonse, pakati pa wofuna kukwera yekha ndi wofuna kunyamula ena.

Chidwi nacho, chimene Bernard anachiika pamzere wa zodzudzulidwa, chiyenera kupezeredwa mkhalapakati. William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu anasiya sukulu ya sekondale nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa chosowa fizi. Sukulu yake yaulere inali kalaibulale ka pa pulayimale ya kwawo. Chimene chinamukokera ku mashelefu a sayansi sichinali ndondomeko yotukula mudzi. Anali mwana wokonda kumasula mawailesi ndi kudabwa ndi dayinamo ya njinga. Chingerezi chinkamuvuta, moti ankatsata zithunzi. Chithunzi cha pachikuto cha buku lotchedwa Using Energy ndicho chinamupatsa maganizo omanga makina oyendera mphepo, ndipo ali ndi zaka 14 anawamangadi ndi zitsulo za kudzala, anthu akumunena kuti wapenga. Nyali zinayaka m'nyumba ya makolo ake, pambuyo pake madzi anapopedwa. Chidwi chinatsogola, phindu la mudzi linabwera pambuyo. Akanafunsidwa tsiku loyamba kuti zimenezi zithandiza yani, mwina sakanayankha.

Chimodzimodzi mwana wa ku Chembe amene wakula akuona mbuna zamitundumitundu pakati pa miyala ya pa chilumba cha Thumbi. Nyanja ino ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, ndipo n'chifukwa chake paki ya Lake Malawi, yokhazikitsidwa mu 1980, inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Akatswiri amachoka kutali kudzaphunzira nsomba zimene iye amasambira nazo. Akatsegula kosi ya sayansi ya zamoyo chifukwa chongofuna kumvetsa kuti mitundu yonseyi inachokera kuti, sakutaya bandulo. Kurani ndi Masalimo omwe amaitana munthu kuti ayang'anitsitse zolengedwa. Kudabwa ndi ntchito ya Mlengi n'kosiyana ndi kuyendayenda kwa maso kosakhazikika, kuja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kusiyana kwake kumaoneka pa sabata yachitatu, phunziro likayamba kulimba: wodabwa amakhalabe, woyendayenda amakatsegula kosi ina.

Palinso chinthu chimene al-Ghazali ndi Bernard sanakumane nacho. Mndandanda wa pafoni uli ndi mwini wake. Coursera inalowa pamsika wa masheya ku New York mu 2021, ndipo chaka chomwecho edX inagulidwa ndi kampani ya 2U pa mtengo wa madola 800 miliyoni. Amene amasanja makosi pagalasi amaika patsogolo zimene ambiri akutola, ndipo ambiriwo ali ku America, ku India ndi ku Ulaya. Kuonera mavidiyo kungakhale kwaulere, koma satifiketi kawirikawiri imafuna madola. Motero wophunzira wa ku Makawa akamaganiza kuti wasankha yekha, nthawi zambiri wangotsata mapazi a anthu a njala zina, okhala m'mizinda imene sadziwa n'komwe kuti usipa n'chiyani. Makolo aja ankauona mtengo wa sukulu ya mishoni chifukwa unkalembedwa poyera, pa dzina la mwana. Mtengo wa sukulu iyi ndi wobisika: umasintha pang'onopang'ono chimene munthu amachiyesa nzeru.

Taonani zimene mulibe pamndandandawo. Mulibe kosi ya kuwerenga mwera, mphepo ya kumwera imene imautsa mafunde m'miyezi yozizira, kapena mpoto ndi vuma. Mulibe luso la siginala, amene ali m'bwato lake laling'ono pakati pa mdima amadziwa kuti usipa wasonkhana mokwanira ndipo nthawi yoponya chilimira yakwana. Mulibe kadulidwe ka sanda. Mulibe Chiyao. Mwana wa kuno amakula ndi zilankhulo zinayi, Chiyao pakhomo, Chichewa pabwalo, Chiarabu kumadarasa, Chingerezi m'kalasi, koma pafoni amapeza kuti Chingerezi ndicho chili ndi mpando waukulu. Ngozi yake ndi yakuti angayambe kuona atate ake, amene amadziwa nyanja ngati chikhatho chawo, ngati munthu wosaphunzira. Ukatswiri woterowo nawo ndi faradhi kifaya, ndipo mphunzitsi wake akapita kumanda palibe poutsitsanso.

Nanga aja 97 mwa 100 amene samaliza, kodi onse ndi olephera? Ayi. Mayi akapita kunyanja ndi ndowa sabwerako ndi nyanja yonse. Mlangizi wa zaumoyo amene watsegula kosi ya kolera, n'kuonera magawo awiri a kasakanizidwe ka klorini, n'kutseka, wapeza chimene anadzera ngakhale kompyuta ya WHO imuwerenge ngati wothawa. Koma ambiri amasiya pa chifukwa china: ali okha. Nkhani ya Battushig ikamakambidwa, anthu amaiwala kuti mphunzitsi wamkulu wa sukulu yake anali ataphunzira ku MIT, ndipo ndiye anasonkhanitsa ophunzira n'kuwapezera wowathandiza pa zoyeserera. Kamkwamba anali ndi woyang'anira laibulale womuthandiza mawu ovuta, ndi anzake omugulira zipangizo. Malawi anaphunzira kale zimenezi. Sukulu yophunzitsa mwa makalata, Malawi Correspondence College, inayamba mu 1965 ndi mapepala a papositi ndi maphunziro a pawailesi, koma ophunzira ankasonkhanabe m'malo ena kufuna munthu wowayang'anira, ndipo malo amenewo ndiwo anadzasanduka ma CDSS mu 1998.

Madarasa akudziwa chinsinsi chomwechi kuyambira kale. Mwana saloweza juzu, gawo la Kurani, payekha kuseri kwa nyumba. Amakhala pamkeka pamaso pa mwalimu, nawerenga mokweza, nakonzedwa pomwe lilime laterereka, ndipo mwalimu ndiye amanena kuti tsopano wakwana kupita patsogolo. Kalasi ya katekisimu imayenda chimodzimodzi. Zipembedzo zonse ziwiri sizinakhulupirirepo kuti munthu wongoyamba kumene angadziwe yekha chimene ayenera kuyamba nacho, pakuti kudziwa chosowa chako n'chipatso cha maphunziro, si chiyambi chake. Intaneti yachotsa mlonda pachipata, ndipo zimenezo n'zabwino, poti alonda aja anatsekera kunja ana ambiri a Mangochi. Koma pochotsa mlonda yachotsanso mlangizi.

Mpata umenewu eni dera angathe kuutseka osadikira wochokera kunja. Mizikiti ndi matchalitchi ali m'mudzi uliwonse, ambiri ali ndi chipinda chimene chimakhala chotseka pakati pa sabata, ena ali ndi sola padenga. Boma lino lili ndi koleji ya zausodzi ku Mpwepwe, sukulu ya zapamadzi ku Monkey Bay, yunivesite ya DMI St John the Baptist, ndi nthambi ya sukulu ya zaumoyo ya Kamuzu kumene madokotala ophunzira amadzaona matenda a m'midzi. Radio Maria imaulutsa mawu kuchokera ku Mangochi konkuno, ndipo Dzimwe imamveka m'madoko a ku Monkey Bay. Shehe kapena m'busa safunika kudziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta kuti akhale pansi ndi achinyamata asanu n'kuwafunsa mafunso a al-Ghazali: pamudzi pano tikusowa wodziwa chiyani, ndipo mwa inu ndani mtima wake ukukokera kumeneko? Asanuwo akagawana, wina za madzi, wina za magetsi a dzuwa, wina za mabuku a ndalama, wina za nsomba, wina n'kutsata nyenyezi zake chifukwa chongozikonda, bandulo imodzi ingatsitse mavidiyo a onse, ndipo Lachisanu kapena Lamulungu pali wowafunsa kuti afika pati.

Masiku a mwezi sachedwa kutha. Posakhalitsa mdima ubwerera, injini ziyamba kulira madzulo, nyali zindandalika panyanja ngati mudzi wina woyandama, ndipo mnyamata uja akwera boti, foni ataikulunga m'pulasitiki. Mavidiyo atatu amene anatsitsa adzawaonera masana pamthunzi wa thandala, usipa ukuuma pamwamba pake. Amayi ake, pobwera kudzatembenuza nsombazo, adzaima pang'ono n'kumufunsa m'Chiyao kuti kodi mzungu akuyankhula m'foniyo akuti chiyani, ndipo zimenezo n'zothandiza chiyani. Iye adzaimitsa vidiyo, n'kuyamba kufunafuna mawu a kwawo oti awayankhire.